Kalasi ya pa Mwala

Kuseri kwa nyumba yathu ku Nachisaka kuli kaphiri, ndipo pamwamba pake pali mwala wafulati woti anthu atatu akhoza kukhalapo osapanikizana. Ana oweta mbuzi amaswerapo mateme. Mu 2020 mwala umenewo ndiwo udali yunivesite yanga. Kunyumba foni inkangoonetsa kachilembo ka E, kaja kamene kamatanthauza kuti uthenga wako ufika mawa ngati Mulungu alola. Ukakwera pamwala ndiye pankabwera H+, ndipo tsiku lamwayi 4G inkatulukira pang'ono n'kuthawanso ngati mlendo woopa kutsuka mbale.

Chandikumbutsa zonsezi ndi mnzanga wina amene akuchita masitazi. Sabata yatha wanditumizira mafunso a kafukufuku wake, akufuna kudziwa chimene chimapangitsa ophunzira a ku yunivesite kukhutira kapena kusakhutira ndi maphunziro a pa intaneti. Ati ndichonge nambala pakati pa 1 ndi 5. Ndidachonga 2, n'kufufuta, n'kuchonga 3, n'kufufutanso. Ndidamuuza kuti aise, funso lako silikwana m'kabokosi, ndipatse masiku. Yankho lake ndi limene mukuwerengali, ndipo landitengera kumbuyo kwambiri kuposa mmene ndimaganizira.

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo sukulu zonse, kuyambira pulayimale mpaka yunivesite, zidatsekedwa pa 23 Malichi. Nthawi imeneyo m'dziko muno munali musadapezeke ngakhale munthu mmodzi wodwala matendawa. Oyamba atatu adalengezedwa pa 2 Epulo. Ine ndidali chaka chachitatu. Tidalongedza ngati tikupita ku holide ya milungu iwiri, mabuku ambiri ndidawasiya, ndipo ndimakumbukira kuti m'basi tinkaseka. M'bindikiro wa masiku 21 umene boma lidafuna kukhazikitsa mu Epulo udaimitsidwa ndi khothi, misonkhano ya ndale idapitirira mpaka chisankho cha pa 23 Juni, misika idali yodzaza, koma makalasi okha ndiwo adakhala otseka. Patapita nthawi uthenga udabwera pa gulu lathu la WhatsApp kuti maphunziro apitirira pa intaneti. Ndidauona patatha masiku atatu, tsiku limene ndidakatchajitsa foni.

Madzulo ake ndikudandaula pakhonde, amalume adandiyang'ana n'kuseka.

"Iwe, ukuyesa kuphunzira wopanda mphunzitsi pamaso kwayamba ndi inu a mafoni?"

"Nanga kudayamba ndi ndani, amalume?"

Adalowa m'nyumba n'kutulutsa bokosi lawo la malata lija timaliopa kuligwira. M'kati mudali timabuku tofiirira, todyedwa ndi njenjete m'mbali, tolembedwa pa taipi. Adati awa ndi maseti, ndipo iwowa ndi amene adawapatsa JC.

Nkhani ya maseti imayambira pa kuchepa kwa malo. Sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, idatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951. Pofika pa ufulu mu 1964 ana omaliza pulayimale adali ochuluka kwambiri kuposa mipando ya Fomu 1. Amene adali ndi kangachepe kale ankalembera ku masukulu a kunja ophunzitsa kudzera pa positi, ngati Rapid Results College ndi Wolsey Hall ya ku Oxford. Njira imeneyi si ya dzulo ayi: University of London idayamba kupereka madigiri kwa anthu ophunzira ali kwawo mu 1858, ndipo UNISA ya ku South Africa idayamba kuphunzitsa patali mu 1946. Nelson Mandela digiri yake ya malamulo adaimaliza ndi UNISA ali m'ndende. Tsono mu 1965, chaka chomwe University of Malawi idalandira ophunzira ake oyamba, boma lidakhazikitsanso Malawi Correspondence College, imene akuluakulu mpaka lero amangoti MCC. Mu 1973 idaphatikizidwa ndi nthambi youlutsa maphunziro pa wailesi, ndipo mu 1987 idasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE.

Amalume adalemba Sitandade 8 kawiri kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Maloto a mnyamata aliyense wa kuno adali Robert Blake ya ku Kongwe, koma dzina lawo silidatuluke. Agogo adagulitsa mtedza n'kuwalembetsa ku MCC. Kachitidwe kake kadali kotere: umalandira seti, umawerenga, umayankha mafunso a kumapeto, ntchito ija imapita kukachongedwa, ndipo imabwerera ili ndi inki yofiira. Pa wailesi ya MBC pamakhalanso maphunziro pa nthawi yake. Ndidawafunsa chimene chinkawapweteka kwambiri. Ndinkayembekezera kuti anena za parafini kapena njala. Iwo adati kudikira. Ukatumiza ntchito, milungu imatha, nthawi zina miyezi, usakudziwa ngati masamu aja udalondola kapena udasochera pa tsamba loyamba, ndipo ukupitiriza kumanga pamwamba pa cholakwa. Koma ikabwera ili ndi mawu awiri atatu a dzanja la munthu, ati unkaiwerenga kangapo ngati kalata ya chibwenzi.

Chimene chidandigwira mtima pa mbiri ya MCC ndi momwe idasinthira yokha. Idayamba ngati sukulu ya pa positi, aliyense kwawo. Koma ana a zaka 15 kapena 16 sakanatha kukhala okha ndi seti ya Physical Science, ndiye adayamba kusonkhana pa malo amodzi, m'makalasi obwereka a pulayimale, m'matchalitchi, kenaka m'midadada imene makolo adaumba njerwa okha. Unduna unkaikapo mphunzitsi wa pulayimale kuti aziyang'anira, ndipo woyang'anirayo mapeto ake ankangotenga choko n'kuyamba kuphunzitsa. Malo amenewa adadzatchedwa Distance Education Centres. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana adakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo khamu limenelo linkaloza ku sekondale. Kumapeto kwa 1998 boma lidangovomereza zimene zidachitika kale, n'kusandutsa malo aja kukhala Community Day Secondary Schools. Ndiye ngati mudaphunzira pa CDSS ngati ine, dziwani kuti sukulu yanuyo ndi mdzukulu wa envulopu. Amalawi atapatsidwa maphunziro a patali, adawafupikitsa ndi manja awo mpaka adasanduka kalasi ya makoma anayi.

Mbiri yomweyo idasiyanso chipsera. Amalume akuti ukanena kuti ndili ku MCC, anthu ankakuyang'ana ngati wotsala pa sefa. Mayeso adali amodzimodzi ndi a ku sekondale za boma, koma ulemu udali wosiyana. Kanthu kameneka sikadathe. Domasi College of Education itayamba kuphunzitsa aphunzitsi a m'ma CDSS patali mu 2000 ndi thandizo la dziko la Canada, komanso Mzuzu University italandira ophunzira ake oyamba a ODL mu 2011, mawu a "digiri ya patali" ankanenedwabe mokweza mphuno. Ndipo ife mu 2020, pansi pa madandaulo onse a bandulo, padali mantha amene sitinkawatchula kawirikawiri: kodi olemba ntchito sadzati awa ndi a digiri ya korona?

Tsopano za mwala.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi tidali 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse tinkakhala kumudzi. Pafupifupi theka la mabanja lidali ndi foni ya m'manja, banja limodzi mwa atatu lidali ndi wailesi, ndipo a kompyuta sankafika 5 mwa 100. Magetsi a nthambo adali m'nyumba pafupifupi imodzi mwa khumi, zambiri za m'tauni. Limeneli ndilo dziko limene lidauzidwa kuti lilowe pa Zoom. Mayunivesite adali atayesetsa ndithu kukoka intaneti, bungwe la MAREN lidalipo kale kulumikiza makoleji, koma zonsezo zidakokeredwa ku kampasi. Tsiku limene geti idatsekedwa, Wi-Fi idatsala m'kati, laibulale idatsala m'kati, soketi ya pakhoma idatsala m'kati, ife tidatuluka ndi zikwama zokha. Ine ndidazindikira mochedwa kuti pa fizi yomwe ndinkalipira ija, mbali yaikulu ndinkagula kufanana ndi anzanga. Ku hositelo mwana wa ku Area 47 ndi ine tinkalimbirana soketi imodzi. Titabalalika, iye adali pa tebulo ndi laputopu, ine ndidali pa mwala ndi Itel yosweka galasi.

Tsiku langa linkayenda chonchi. Kutunga madzi, kusesa, phala la ana a achemwali. Epulo ndi Meyi kuno ndi nyengo ya soya, mtedza ndi fodya, ndipo palibe amene angamvetse kuti mtsikana wamkulu wakhala pansi akuyang'ana foni pamene anzake ali m'chigafa. Mayi sankanena mwaukali, ankangoti, "Nanga sukulu si adatseka?" Kwa iwo sukulu ndi malo amene munthu amapitako atasamba. Foni ndi ya macheza. Ndipo mtsikana wokwera phiri yekha masana ndi foni m'manja, kumudzi amadziwa kale chimene akukachita, safunsanso. Mphekesera idafika kwa mayi isanathe sabata. Chaka chimenecho mantha awo sadali opanda pake: boma lidapeza kuti m'miyezi imene sukulu zidali zotseka atsikana oposa 40,000 adatenga mimba ndipo pafupifupi 13,000 adalowa m'banja ali ana. Amalume ndi amene adandiombola. Adauza mlongo wawo kuti, "Musiyeni mwanayu, ali m'kalasi. Ine ndinkawerengera ku dimba." Kuyambira pamenepo ndinkakwera ndi kamphwanga ka zaka 9 ngati mboni.

Batire ndiye idali wotchi ya sukulu. Tinkatchajitsa kwa bambo wina wa sola amene amametanso tsitsi, ndipo mu Juni ndi Julayi, mitambo ikakuta mapiri a Dowa ndi Ntchisi, foni inkabwerako itangofika theka. Ukaika kuwala kwa sikirini pansi kuti usunge moto, padzuwa suona kanthu. Ndidaphunzira kuwerenga nditafunda chitenje kumutu ngati wojambula zithunzi wakale.

Za bandulo ndiye tisachite kukamba, aliyense ali ndi bala lake. Chimene ambiri sitinkadziwa n'chakuti pa mtengo uja padali msonkho wa 10 peresenti umene boma lidaika pa intaneti ndi mauthenga a pafoni mu 2015, kuonjezera pa VAT ya 16.5 peresenti. Mu 2020 achinyamata adachita phokoso pa Facebook ndi Twitter kuti mitengo itsike, nduna yatsopano ya zofalitsa nkhani Gospel Kazako idalankhulapo, ndipo makampani adatsitsa mitengo ina. Ana a sekondale adawakonzera tsamba la Notesmaster loti azitsegula osadya mayunitsi, a pulayimale adawaikira maphunziro pa wailesi, monga m'masiku a amalume. Koma kalasi imodzi ya Zoom ya ola lathunthu inkadya ma MB mazanamazana, ndipo ine ndalama yake inkachokera ku ndowa ya soya. Ndikalowa m'kalasi ndinkaona soya akutsika m'thumba mphindi iliyonse. Munthu sungamve bwino chiphunzitso uku ukuwerengera ndowa.

Komabe, mnzanga wa kafukufuku, apa ndi pamene kabokosi kako kakundivuta. Netiweki idali imodzimodzi, mwala womwewo, foni yomweyo, koma kosi ina ndikanaipatsa 5 ndipo ina 1. Kusiyana kudali munthu.

Mphunzitsi wina, sinditchula dzina lake ngakhale la sukulu, ankaponya ma PDF a masamba 80 pa Google Classroom usiku, n'kulemba tsiku lomaliza kupereka asayimenti, basi. Ukafunsa funso, zii. Tsiku lina ndidakhala pa mwala maola atatu kutumiza ntchito yake, kamzere kaja kakufika pa 90 n'kubwerera pa ziro, ndipo itadutsa nthawi idali itapitirira ndi mphindi 40. Adandidula mamalikisi. Ndidalemba kufotokoza, sadayankhe. Ntchito ija sidabwerenso, ndidangoona nambala kumapeto kwa semesita. Usiku umenewo ndidamvetsa zimene amalume ankanena za kudikira. Zaka pafupifupi 40 zidadutsa pakati pa iwo ndi ine, envulopu idasanduka imelo yofika m'kuphethira kwa diso, koma kusayankhidwa kudali kofanana ndendende.

Mphunzitsi winanso, mayi wachikulire amene tinkamuseka kuti sadziwa kuyatsa projekita, ndiye adatipulumutsa. Adayesa Zoom kamodzi, adaona kuti mwa ophunzira onse alowa ochepa, n'kuisiya. Adayamba kujambula mawu ake pa WhatsApp, mphindi 10 kapena 12, uthenga wosafika ngakhale 5 MB, woti ukhoza kuutsitsa ndi kabandulo ka WhatsApp kotchipa kaja n'kukamvera kunyumba kopanda netiweki. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka nkhuku ndi mdzukulu akulira. Ankatchula mayina athu. "Uja wa ku Dowa, funso lako la dzana ndaliona, yankho lake nali." Ndinkamvera ndikusenda mtedza, kubwereza kawiri katatu, chinthu chimene m'holo ya anthu 200 sichitheka. Asayimenti ankalola kuti ulembe pamanja n'kujambula. Kosi imeneyo ndi imene ndimaikumbukira bwino kuposa onse amene ndidaphunzira pa digiri yanga, kuphatikizapo a maso ndi maso. Ndimakhulupirira kuti iye, mosadziwa kapena modziwa, adangobwezeretsa MCC: phunziro la pa wailesi ndi inki yofiira, zonse m'foni imodzi.

Anzanga nawo adali theka la sukulu. Tidali ndi kagulu ka anthu asanu. Wa ku Lilongwe amene kwawo kudali Wi-Fi ankalowa Zoom m'malo mwa tonse, n'kulemba mfundo zake mwachidule, n'kuchepetsa ma PDF kuti asalemere. Wina akasowa masiku atatu tinkamuimbira. Mmodzi wa ku Nsanje adasowa ndithu mwezi wathunthu, foni adagulitsa, ndipo chaka chimenecho adabwereza. Iyeyo mafunso a "kodi mwakhutira" sadawaone n'komwe. Sukulu yathu idatitumiziranso fomu yotere nthawi imeneyo, pa intaneti, ndipo amene adayankha ndi amene adali ndi intaneti yoyankhira. Ine idakana kutseguka. Ndiye ukamawerenga zotsatira za mafunso otere uzikumbukira amene mulibemo.

Chimene ndidadzachidziwa pambuyo pake, n'kuchita nacho manyazi pang'ono, n'chakuti m'boma lathu lomwe lino la Dowa anthu adali akuphunzira za yunivesite pa intaneti zaka khumi ife tisadayambe kulira. Ku Dzaleka, kumene kudali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu ndipo mu 1994 kudasanduka kampu ya othawa kwawo, a Jesuit adayambitsa mu 2010 maphunziro a dipuloma operekedwa ndi Regis University ya ku Denver, ku America. Pulogalamuyo pano imatchedwa Jesuit Worldwide Learning. Aphunzitsi ali kutsidya kwa nyanja, ophunzira ndi ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi ena a m'midzi yozungulira. Koma sadangowauza kuti aliyense aone mmene angachitire ndi foni yake. Adakonza malo okhala ndi makompyuta, magetsi ndi intaneti, n'kuikapo anthu oti wophunzira akakakamira azitha kuwagwira pamkono n'kufunsa. Ophunzira amabwera pamodzi, amakangana, amadikirana. Mzuzu University nayo idatsegula malo otere a ODL m'maboma ngati Karonga, Balaka ndi Mulanje, ndipo ophunzira ake amayamba akumana kaye ndi aphunzitsi milungu ingapo asanabalalike ndi mamodyulo. Onsewa adafika pamene makolo a ma DEC adafika kale ndi njerwa zawo. Ife a 2020 ndife tokha amene tidapatsidwa mtunda wopanda chipinda, ndipo mwina n'chifukwa chake sindikonda anthu akamati zimene tidachita zija ndiwo maphunziro a pa intaneti. Kudali kuthawa moto ndi chimene wagwira m'manja.

Sukulu zidayamba kutsegulidwa pa 7 Seputembala 2020, poyamba a mayeso ndi a chaka chomaliza, ena onse mu Okutobala. Tisadakhazikike, mliri udabweranso mwamphamvu mu Januwale 2021, nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi pa 12, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adatsekanso sukulu. Ulendo wachiwiriwu ndidabwera ndi mabuku onse, pawabanki yobwereka, ndi ma PDF otsitsiratu pa Wi-Fi ya ku kampasi usiku wonse tisananyamuke. Idali nyengo ya mvula, mwala unkaterera, ndipo kamphwanga kankandigwirira ambulera pamtengo wa bisiketi imodzi pa kalasi.

Lero ndikuchita kakosi kena pa intaneti, mwa kufuna kwanga, ndili ku Lilongwe kumene netiweki siifuna phiri. Ndimakakonda. Ndimaphunzira usiku nditaweruka, sindilipira hositelo, ndipo palibe amene amandifunsa ngati sukulu sadatseke. Koma ndaona kuti chimene ndimayamba kuyang'ana ndisadalembetse si kukongola kwa tsamba lawo. Ndimafunsa amene adachitapo kuti, kodi ukatumiza ntchito amakuyankha patapita masiku angati, ndipo amayankha ndi munthu?

Mwezi watha ndidapita kumudzi ndipo ndidakwera kaphiri kaja, kungofuna kuona. Ndidapeza pa mwala pali mnyamata wa kuseri kwa dambo amene ali chaka choyamba ku koleji ina, atafunda jekete kumutu, akulimbana ndi kutsegula potolo kuti aone zotsatira za mayeso. Adandisunthira malo osandiyang'ana n'komwe. Ndidamuuza kuti aloze foni chakum'mawa, cha kumene kuli mtengo wa msuku, ndipo asagwedezeke.

"Mumadziwa bwanji, achemwali?"

Ndisadayankhe, H+ idabwera, ndipo tonse awiri tidakhala chete kudikira tsamba litseguke.